Gofu pakati pa midzi: mwambo wa pabwalo ndi ulemu kwa eni dera

Funso: Ndangosamutsidwa kumene kuchokera ku Blantyre kudzagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi, ndipo akuluakulu a kuntchito andiitana kuti ndizisewera nawo gofu Loweruka lililonse pakalabu ya kuno. Kumenya mpira ndikuphunzira pang'onopang'ono, koma chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti bwaloli lili pakati pa midzi. Amayi amadutsa ndi nkhuni pamutu, mbuzi zimadya msipu, ana amatola mipira m'tchire n'kumatigulitsa, ndipo sabata yatha anzanga anapitiriza kusewera nyimbo za maliro zikumveka kutsidya kwa mtsinje. Kodi mwambo wa gofu umati chiyani pa zinthu zotere, ndipo ndizichita bwanji kuti ndisalakwire osewera anzanga kapena eni mudzi? Wowerenga wa ku Thyolo.

Yankho: Bambo, mwafunsa nkhani imene ambiri a ife tinaiphunzira mochedwa, titalakwa kale. Buku la malamulo a gofu, limene limalembedwa ndi mabungwe awiri, la R&A la ku St Andrews ku Scotland ndi la USGA la ku America, silitchula maliro, nkhuni kapena nyakwawa, koma pa gawo 1.2 limapempha wosewera zinthu zitatu: kukhala woona mtima, kuganizira anthu ena, ndi kusamalira bwalo. Osewera ambiri akamva kuti anthu ena amaganiza za anzawo ogwira ndodo okha. Pabwalo ngati lanulo mawuwo ayenera kumveka mokulirapo, chifukwa mayi wosenza nkhuni uja ndi munthu amene mpira wanu ungamuvulaze, ndipo njira imene akudutsayo mwina agogo ake ankaiyenda kapinga wa gofu asanadzalidwe.

Ndiyambe ndi kuchotsa manyazi amene ena amakhala nawo, oganiza kuti bwalo lenileni la gofu ndi la mpanda ndi alonda pachipata, ndipo la mbuzi ndi lotsalira. Gofu anabadwira pamalo a anthu onse. Ku St Andrews, kumene osewera a dziko lonse amakutenga ngati kwawo kwa masewerawa, kalata ya Akibishopu John Hamilton ya m'chaka cha 1552 inatsimikizira anthu a m'tauniyo ufulu wosewera gofu ndi mpira pamalo a m'mphepete mwa nyanja pamene ankadyetseranso ziweto, ndipo kwa zaka zambiri amayi ankachapa mumtsinje wa Swilcan n'kuyanika nsalu zawo pomwepo. Mpaka lero bwalo la kumeneko lotchedwa Old Course limapumula Lamlungu, kupatula pakakhala mpikisano waukulu, ndipo limasanduka malo oyendapo aliyense. Kamsewu kotchedwa Grannie Clark's Wynd kamadula pakati pa dzenje loyamba ndi la 18 (bwalo la gofu limagawidwa m'zigawo zotchedwa maenje), moti mlendo amene walipira ndalama zambiri kuti asewerepo amadikira woyenda pansi kuti adutse. Ku Brora, kumpoto kwa Scotland komweko, ng'ombe ndi nkhosa za alimi a m'deralo zinkadya msipu pabwalo kwa zaka zambirimbiri, kalabu n'kumangotchinga ma green, malo a kapinga wosalala ozungulira kadzenje kolowetsamo mpira, ndi waya wamagetsi. Bwalo lanulo lili pafupi ndi chiyambi cha masewerawa kuposa mabwalo ambiri a m'mizinda.

Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu kuno malowo sanagawidwe mwa pangano. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, kenaka ku Thyolo, pamalo aakulu amene atsamunda anatenga, ndipo anthu amene ankakhala pamalowo, ambiri mwa iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira pokhala ndi thukuta lawo pa thangata. Makalabu a masewera a m'maderawa anamangidwira azungu oyang'anira maesiteti, ndipo munthu wakuda ankalowamo kudzatchetcha udzu, kudzaphika kapena kudzanyamula ndodo. Lero tikusewera ndife, koma Thyolo ndi Mulanje akadali maboma amene banja limalima kamunda kosakwana kudyetsa ana, ndipo munthu wotere akamaona kapinga wothiriridwa amene sabala chimanga, sangamuone monga mmene inu mukumuonera. Sindikunena izi kuti muzisewera mukudziimba mlandu, koma kuti mudziwe kuti kamwano kamene ku Blantyre kangaiwalike madzulo omwewo, kumeneko kamagwera pa bala lakale. Mabwalo a kuminda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa nawonso ali pafupi ndi midzi, ndipo zambiri zimene ndinene pano zikugwiranso ntchito kumeneko.

Tiyambe ndi anthu odutsa. Mpira wa gofu umalemera pafupifupi magalamu 46 okha, koma ndi wolimba ngati mwala, ndipo ngakhale wosewera wamba akaumenya bwino ndi ndodo yaitali umachoka pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola. Simumenya pamene pali munthu amene mpirawo ungamufike, ndipo poyeza mtundawo musayeze ndi mmene mumamenyera masiku onse, koma ndi mmene mungamenyere tsiku limene dzanja lavomera, kuwerengera ndi mbali zonse ziwiri, poti mpira wa wophunzira umakonda kukhotera kumene mwini wake sanaufunire. Mayi amene wasenza mtolo wa nkhuni kapena ndowa ya madzi sangatembenuze khosi msanga, sangawerame, ndipo kawirikawiri amakhala atabereka mwana amene mutu wake uli poyera. Mudikireni mpaka atulukiretu, osamukodola ndi dzanja kuti afulumire, chifukwa kukodola munthu wamkulu ngati mukupirikitsa nkhuku ndi chipongwe chimene sadzachiiwala. Wina akakuuzani kuti mukuchedwetsa masewera, dziwani kuti masekondi 40 amene malamulo amalangiza kuti mumenye mpira amayamba kuwerengedwa pamene palibe chokulepheretsani, choncho kudikira munthu wodutsa sikuwerengedwa ngati kuchedwa.

Anzanu adzakuphunzitsani kukuwa kuti "Fore!" mpira ukamalowera kwa munthu. Kuwani ndithu, koma mawuwo amawadziwa ndi osewera okhaokha. Mwana wobusa mbuzi akawamva amatembenuka kuti aone amene akukuwa, ndiye kuti wapereka nkhope yake kwa mpira. Onjezerani mawu amene akuwamva, monga "Mpira uko! Gwirani mutu!" ndipo mukuwe ndi mphamvu zonse popanda manyazi. M'miyezi yozizira, chiperoni chikatsika n'kuphimba bwalo moti mbendera yosonyeza dzenje sikuoneka, kapenanso pa dzenje limene lili kuseri kwa kamtunda, tumizani wokunyamulirani ndodo atsogole, ndipo mumenye akakukwezerani dzanja. Malamulo amati mpira ukagunda munthu mwangozi palibe chilango ndipo mumausewera pamene wagwera, koma limenelo ndi lamulo la pakhadi chabe, lolembapo zigoli, kutanthauza kuti mpira mwaumenya kangati. Mukavulaza munthu masewera anu athera pomwepo: mutengereni kuchipatala pa galimoto yanu, dziwitsani kapitawo wa kalabu, ndipo tsiku lotsatira mukaonekere kwawo muli ndi munthu wodziwika m'mudzimo. Kumuponyera ndalama m'manja n'kubwerera ku mpira wanu kumaonjezera mlandu m'malo mouchepetsa.

Za maliro ndikhalitsapo, poti ndinapsapo. Zaka zingapo zapitazo, pabwalo lina la kuesiteti, tinali anayi pa dzenje limene m'mbali mwake mumadutsa njira ya kumanda. Tinamva nyimbo, kenaka tinaona amayi a Mvano m'zoyera zawo akutulukira m'mitengo, bokosi lili pambuyo pawo. Ine ndinali nditaika kale mpira pa tee, pamalo oyambira kumenya, ndipo ndinadziuza kuti ndimenye msanga asanayandikire. Mpirawo sunagunde munthu, unapita bwino kwambiri, koma kulira kwa ndodo kunamveka pakati pa nyimbo ija ngati mfuti, ndipo nditatembenuka ndinapeza kuti bambo amene ankandinyamulira ndodo anali atatula kale chikwama, atavula chipewa, atanjuta pansi pamodzi ndi anzawo onse. Sanandidzudzule. Loweruka lotsatira ananyamulira munthu wina, ndipo kwa mwezi wathunthu moni wa anthu ogwira ntchito pabwalopo unali wa pakamwa pokha, mpaka mkulu wina wa pakalabu atandilangiza kuti ndipite kwa mfumu ndi chipepeso, limodzi ndi mkulu wa ma caddie, anthu onyamula ndodo aja, ndikanene kuti ndinalakwa.

Zimene ndinaphunzirapo ndi izi. Chitanda chikamadutsa poonekera, masewera amaima: tulani ndodo, vulani chipewa, khalani chete, ndipo musayambenso mpaka munthu womaliza pa mzerewo atapita. N'chimodzimodzi ndi zimene mumachita pamsewu mukaona masamba ataikidwa, pamene woyendetsa galimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi ndipo wa njinga amatsika. Maliro akakhala m'mudzi woyandikana, osaoneka koma akumveka, monga zinachitikira sabata yatha, ine sindinena kuti bwalo lonse litsekedwe, popeza m'dera la anthu ambiri chotero maliro sasowa ndipo kalabu ingatsekedwe chaka chonse. Koma maenje amene ayang'anizana ndi siwa ndi bwino kuwadumpha ngati mukungosewera mwa chisangalalo, ndipo tsiku limenelo kukuwa kwa chimwemwe, kuseka mokweza ndi nyimbo za kubala ziyenera kulekeka. Womwalirayo akakhala caddie, wotchetcha udzu, mfumu kapena wa pabanja pawo, nkhaniyo yalowa m'nyumba ya kalabu: masewera aimitsidwe, mamembala asonkhe chipepeso, ena apite akakhale nawo pa siwa, ndipo ma caddie amasulidwe osaopsezedwa kuti ataya malo. Maliro n'kulirana, ndipo kalabu imene anthu ake saonekera pa maliro a m'mudzi isadabwe mbendera zikamasowa pa green. Pa mpikisano wolembetsa, wosewera saloledwa kungoimitsa yekha masewera kwa nthawi yaitali, koma komiti ili ndi mphamvu yowaimitsa kapena kuwasuntha, choncho mukamva za zovuta m'mawa, nenani kwa kapitawo anthu asanayambe. Inu ndinu watsopano ndipo simungalamule akuluakulu anu, koma kuvula chipewa chanu n'kunena kuti "Ine dzenje ili ndingoyenda nawo" sikufuna chilolezo cha munthu, ndipo nthawi zambiri pamapezeka wina amene amadikira woyamba.

Manda enieniwo ndi nkhani ina. Kankhalango kowirira kamene kanasiyidwa pakati pa tiyi kapena m'mphepete mwa bwalo kawirikawiri sikanasiyidwe mwangozi. Kumanda salowako popanda chilolezo cha mfumu, ndipo m'madera a gule wamkulu, m'chigawo chapakati ndi kwa Amang'anja, manda ndi dambwe limene munthu wosameta saliyandikira. Mpira ukalowa kumeneko wapita. Musalowe, ndipo koposa apo musatume wokunyamulirani ndodo, chifukwa iye adzapita poopa kutaya ganyu, koma madzulo ndi iye amene adzayankhe mlandu m'mudzi. Mukakayika, menyani mpira wina wongoyembekezera musanachoke pamene mwaima, monga malamulo amalolera. Kalabu yanzeru imachita kuposa apo, popeza malamulo amapatsa komiti ufulu wolengeza malo ena kuti ndi osaseweredwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene amatchula ndi kuteteza malo a mbiri kapena a chikhalidwe. Mukadzalowa m'komiti, imeneyo ndi mfundo yoyenera kuibweretsa. Nyengo ya zinamwali, sukulu zikatsekera, anamwali akamadutsa ndi anamkungwi awo apatseni njira, ndipo foni yanu ikhale m'thumba.

Pali malo amodzi pamene miyambo iwiriyi imaoneka ngati ikukangana, ndipo ndi pa moni. Kumudzi munthu wodutsa osapereka moni ndi wamwano. Pa gofu munthu wolankhula mnzake akumenya ndi wamwano. Mmene ndimachitira ine n'kupereka moni wonse wokwanira masewera asanayambe, kwa mlonda, kwa otchetcha udzu, kwa ma caddie onse ngakhale amene sakundinyamulira, ndipo panjira ndimayankha aliyense wondipatsa moni pamene ndikuyenda kupita ku mpira. Mnzanga akaima kuti amenye, wodutsa n'kunena kuti "Tadutsa nawo", ndimangokweza dzanja n'kuwerama pang'ono, ndipo akamenya ndimamaliza moniwo ndi mawu. Chimene simuyenera kuchita ndi kulamula munthu wamkulu kuti akhale chete ndi chala pakamwa. Iye sanalembetse masewera anu, ndipo wosewera amene mpira wake umasokonekera ndi "Mwaswera bwanji" vuto lake silili kwa wopereka moniyo. Pakati pa inu osewera, mwambo ndi womwe uja wa kulikonse: imani pambali, osati kumbuyo kwa mpira kapena kutsogolo kwa womenya, musagwedezeke, chithunzithunzi chanu chisagwere pa mpira wake, ndipo pa green musaponde mzere umene mpira wake udutse popita kudzenje.

Munthu wofunika kwambiri kwa inu pabwalopo ndi caddie, wokunyamulirani ndodo. Ambiri mwa iwo ndi abambo a mabanja awo, ena ndi akulu kwa inu, ndipo bwalolo amalidziwa ngati munda wawo: kumene green imatsetsereka, kumene mphepo ya kuphiri imachokera masana, mudzi umene kwagwa zovuta. Funsani dzina lawo tsiku loyamba ndipo muziwaitana kuti bambo kapena achimwene, osati iwe, ndipo mawu achitsamunda aja oti boyi asatuluke pakamwa panu ngakhale mutamva ena akuwanena. Funsani kwa mkulu wa ma caddie mtengo umene kalabu inakhazikitsa, lipirani wonse tsiku lomwelo, onjezerani kangachepe ngati ntchito yayenda bwino, ndipo perekani ndi manja awiri monga mmene mungaperekere kwa munthu wamkulu aliyense. Mukamaima pakati pa masewera kuti mumwe madzi, iwonso amwe. Chikwama chimaloledwa ndodo 14 zokha, ndipo palibe chifukwa chochidzazira mabotolo ndi nsapato zapadera pamene mwini msana ndi wina. Mpira ukapita kutchire musawakalipire, wamenya ndinu.

Koma pali msampha umene ulemu wa kwathu umatchera pamenepa. Caddie wofuna kukondweretsa bwana wake, kapena amene wabetcherana ndi anzake pa inu, akhoza kutsogola n'kukankha mpira ndi chala cha phazi kuuchotsa paudzu wautali, inu n'kufika n'kudabwa mwayi wanu. Malamulo amati zimene caddie wachita pa nthawi ya masewera ndi zanu, kaya munadziwa kaya ayi: mpira wosunthidwa ndi chilango cha chigoli chimodzi ndipo uyenera kubwezedwa pamalo pake, ndipo mukausewera pamalo olakwikawo chilangocho chimakhala zigoli ziwiri pa masewera owerenga zigoli. Auzeni mwaulemu pa tee yoyamba kuti mpira mumafuna kuupeza pamene wagwera, ndipo kuti malipiro awo sadalira zigoli zanu. Onetsetsaninso msinkhu wa okunyamuliraniwo. Malamulo a ntchito a dziko lino saloleza kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ngakhale wopitirira apo, kunyamula ndodo pa tsiku la sukulu n'kumubera tsogolo. Kumbali ina, ma caddie ambiri amasewera bwino kuposa amene amawanyamulira. Papwa Sewgolum wa ku Durban ku South Africa anayamba ngati caddie, anapambana mpikisano wa Dutch Open mu 1959, mu 1960 ndi mu 1964, ndipo atapambana mpikisano wa Natal Open kwawo analandirira chikho panja pamvula chifukwa malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'kalabu. Ndodo zanu zakale zikakutherani ntchito, mukudziwa kumene zingapite, ndipo ndi bwino kufunsa ngati kalabu yanu ili ndi tsiku limene ma caddie amaloledwa kusewera.

Ana ogulitsa mipira ndi ovuta kuwaweruza. Mpira umene unatayika m'tchire sabata yatha, mwana n'kuupeza, ine sindiona cholakwa kuugula, makamaka kwa wophunzira amene amataya mipira ingapo pa tsiku. Vuto limayamba pamene msika wakoma, chifukwa ana amayamba kubisala m'tchire pafupi ndi pamene mipira imagwera, n'kuthamangira mpira umene ukadali m'masewera, ndipo pamenepo ndi pamene mwana amagundidwa m'mutu. Choncho musagule muli pakati pa masewera, musagule nthawi ya sukulu, ndipo ngati n'kotheka mipira izigulidwa kukalabu kudzera kwa mkulu wa ma caddie. Mwana akatola mpira wanu inu mukuona kapena pali umboni wokwanira, palibe chilango, mumangoika mpira pamene mukuganiza kuti unali. Popanda umboni, mpirawo umatengedwa kuti watayika mukaufunafuna kwa mphindi 3, zimene zinali 5 malamulo asanasinthidwe mu 2019. Musamuthamangitse ndi ndodo m'manja. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo caddie wanu akudziwa makolo ake.

Tsopano za akuluakulu anu a kuntchito, pamene ndikuona kuti ulemu wa kumudzi uyenera kudziwa malire ake. Kuwasiyira bwana kuti ayambe kumenya pa tee yoyamba n'kwabwino ndipo palibe amene angakutsutseni. Kuchokera apo, mwambo umati amene wachita bwino pa dzenje lapitalo ndiye amayamba pa tee yotsatira, ndipo panjira amayamba ndi amene ali kutali ndi dzenje, ngakhale kuti masiku ano pa masewera owerenga zigoli amalimbikitsa kuti amene wakonzeka amenye ngati palibe choopsa. Mukamangoti "Yambani ndinu, bwana" pa mpira uliwonse mudzachedwetsa gulu lonse. Choopsa kwambiri ndi khadi. Pa mpikisano mumalembera mnzanu zigoli, ndipo tsiku lina mudzalembera munthu amene amasaina malipiro anu, iye n'kunena kuti wamenya 5 inu mutawerenga 6. Kwathu kutsutsa wamkulu pagulu n'kosayenera, koma wosewera amene wapereka khadi lokhala ndi zigoli zochepa kuposa zimene anamenya pa dzenje amachotsedwa mu mpikisano, ndipo inu mwasainira bodza. Njira yake ndi yomwe timagwiritsa ntchito pokonza wamkulu kumudzi: pambali, motsitsa mawu, ngati funso. "Bwana, tiwerengere limodzi, ine ndasokonezeka, uja wa mumchenga tauwerenga?" Munthu woona mtima adzathokoza. Kumbukiraninso kuti pa mpikisano simuloledwa kufunsa kapena kupereka malangizo kwa wina kupatula caddie wanu kapena mnzanu wa timu imodzi, moti ngakhale kufunsa kuti amenyera ndodo yanji ndi chilango, ndipo mkulu wokonda kulangiza ana ayenera kudikira mpaka masewera atatha. Gulu lanu likamachedwa ndipo kutsogolo kuli mpata, lolani a m'mbuyo adutse, ngakhale atakhala achinyamata kapena ma caddie pa tsiku lawo.

Kusamalira bwalo sindichulutsapo mawu. Bwezerani chigamba cha kapinga chimene ndodo yadula, konzani kabowo kamene mpira wasiya pa green, ndipo salazani mchenga mukatulukamo. Maganizo oti imeneyo ndi ntchito ya antchito ndi amene amawononga mabwalo a kumidzi, kumene anthu owerengeka amasamalira dera lonselo ndi makina okalamba ndipo m'chilimwe madzi ndi operewera. Za mbuzi, ndowe zake mukhoza kuzichotsa popanda chilango malinga mpira usasunthe, ndipo mbuziyo muipirikitse ndi mawu, poti ili ndi mwini wake. Mpira ukagwera pa una wa mfuko mumaloledwa kuuchotsapo mwaulere n'kuugwetsa kuchokera pa msinkhu wa bondo, koma chulu sichipereka ufulu umenewo pokhapokha kalabu italemba lamulo lakelake, choncho werengani malamulo a pakalabupo, amene kawirikawiri amakhala kuseri kwa khadi. Njoka yaululu kapena njuchi zikakhala pafupi ndi mpira, malamulo amakulolani kusewerera pena popanda chilango. Mvula ya mabingu ikayamba, aliyense amene akuona kuti mphenzi ingamugwere ali ndi ufulu wosiya masewera n'kudziwitsa komiti, ndipo mukamathawira m'nyumba muitane wokunyamuliraniyo, amene wasenza mtolo wa zitsulo pamsana.

Zovala ndi malaya a kolala, buluku kapena kabudula wooneka bwino, ndi nsapato zosaboola green. Kalabu iliyonse ili ndi mfundo zake, ndipo safunsa anadya phula. Amayi osewera avale zimene masewera amafuna pabwalo, poti lamulo la 1973 loletsa mabuluku ndi masiketi aafupi linatha kalekale, koma amene akupita kukapepesa maliro kapena kukaonana ndi mfumu atenge chitenje, monga angachitire kwawo. Chinthu china chimene osewera sakonda kuchitchula ndi kutaya madzi m'tchire. Pabwalo limene muli njira za kumadzi ndi za kusukulu, mtengo umene mukuuona ngati wobisika umakhala uli poyera kwa wina, ndipo amayi akuona bwana wa pa esiteti ataima pamtengo ndi nkhani imene imafika m'mudzi inu musanafike pa dzenje lomaliza. Pomaliza masewera vulani chipewa, gwiranani chanza ndi anzanu ndi ma caddie onse, ndipo lipirani musanalowe kubala, kuti bambo amene ali ndi ulendo wapansi wobwerera kwawo asakhale panja kudikira kuti mumalize botolo lachitatu.

Loweruka likubwerali fikani patatsala theka la ola, mufunefune mkulu wa ma caddie, mumupatse moni wokwanira, ndipo mumufunse kumene njira za anthu zimadula bwalo, tchire limene simuyenera kulowamo, ndi ngati m'midzi yozungulira mwadzuka bwino. Akakuuzani kuti kutsidya kwa mtsinje kwagwa zovuta, mufunsenso kuti mwambo woika uyamba nthawi yanji ndipo chitanda chidzera njira iti, kenaka mukauze kapitawo anthu asanaike mipira pa tee yoyamba.